Phulusa ndi Bwato la Eni

Yuniya ankafuna galu. Ankafuna galu wakewake. Galu womutsata kumunda. Galu womudikira pakhomo.

Kwawo kunali kufupi ndi Kobwe. Kuseri kwa nyumba kunali munda wa chinangwa. Kumaso kwa nyumba kunali kanjira. Kanjirako kankatsikira kunyanja.

Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa Apwitikizi. Kumapiri kunkamveka mfuti. Anthu ambiri anachita mantha. Anakwera mabwato awo, ulendo wa ku Likoma. Mbuzi anatenga. Nkhuku anatenga. Agalu anawasiya.

Agaluwo ankangoyenda m'mudzi. Analibe mwini. Analibe chakudya.

Ku mishoni kunali mkulu wina woliza belu. Dzina lawo linali a Basilio. A Basilio anawamvera chisoni agaluwo. Anawatola mmodzimmodzi. Anawasunga m'khola lakale la mbuzi.

Tsiku la Dumingu, Lamulungu, mapemphero atatha, Yuniya anakoka malaya a atate ake. Atate akewo anali a Zakariya, msodzi.

"Atate, tiyeni tikaone agalu."

"Kuona kokha," anatero atate.

"Inde, kuona kokha," anatero Yuniya. Koma chingwe anali atabisa kale m'nsalu.

Atafika, agalu anathamangira kumpanda. Anauwa. Anadumpha. Anagwedeza michira.

Mmodzi yekha sanabwere. Anagona pakona, mutu pansi. Ubweya wake unali wotuwa ngati phulusa. Nthiti zinkaoneka. Khutu limodzi linali lopindika.

"A Zakariya, mwachita bwino kubwera!" anatero a Basilio. "Tengani mmodzi. Tengani awiri. Kaya tengani onse! Anditopetsa agaluwa."

"Tangobwera kudzaona, akulu."

"Kuona sikukhutitsa galu. Khola ladzaza. Mitu ya nsomba yachepa. Asipayo a ku posto andichenjeza kale. Akuti galu wopanda mwini adzamutenga. Ndipo wotengedwa sabwerako."

Asipayo anali apolisi a Apwitikizi. Posto inali ofesi yawo. Yuniya ankawaopa.

Yuniya anangowayang'ana atate ake. Kenako anatulutsa chingwe chija.

Atate anapukusa mutu. Anayesa kukwiya, koma anaseka.

"Mwana iwe! Chabwino. Tenga wakudayo. Ali ndi mawu."

"Ayi, Atate. Ndikufuna wapakonayo."

"Ameneyo? Mafupa okhaokhawo?"

"Enawa wina adzawatenga. Uyo palibe amene adzamufune."

"Wasankha wovuta, mdzukulu wanga," anatero a Basilio. "Sauwa. Sasewera. Kudya amadya mwa apo ndi apo. Upite naye pang'onopang'ono."

"Ndamva, Agogo," anatero Yuniya. "Dzina lake ndi Phulusa."

* * *

Pang'onopang'ono? Yuniya anaiwala asanafike ndi kunyumba komwe.

"Bwerani mudzaone galu wanga!" anafuula.

Ana anabwera. Anamuzinga Phulusa. Wina anamugwira khutu. Wina anamukoka mchira. Wina anagwada, nayamba kumuuwa.

Yuniya anatunga madzi. Anatenga sabau, sopo wa amayi. Anamusambitsa Phulusa mpaka thovu mbuu! Anamumanga kansalu kofiira m'khosi.

Phulusa ananjenjemera. Mchira anaupanira pakati pa miyendo. Anakwawira pansi pa thandala loyanikapo chinangwa. Anakhala komweko, zii.

Amayi anafika ndi nkhuni pamutu. Anatula mtolo, phu!

"Phokoso lanji ili? Tiyeni, aliyense kwawo!"

Ana anabalalika.

"Nanga sabau wanga ali kuti?"

Yuniya anaonetsa kachidutswa kotsala.

"Wathera pa galu? Iwe Yuniya! Mlendo amayamba wapuma. Samuvinira pamutu. Musiye."

Yuniya anabweretsa phale. Anaikamo kondowole ndi msuzi wa usipa.

"Idya, Phulusa."

Phulusa sanadye.

Yuniya anayala thumba pakhonde.

"Bwera udzagone, Phulusa."

Phulusa sanabwere.

Atate anamukoka kuchokera pansi pa thandala paja. Anamumangirira kumtengo wa mango.

"Nkhuku yachilendo timaimanga," anatero. "Imazolowera. Galu ndi chimodzimodzi."

* * *

M'mawa chingwe chinalipo. Galu panalibe. Chingwe anachitafuna.

Kenako kunamveka mawu kugombe.

"A Zakariya! Ee, a Zakariya! Tatsikani kuno!"

Anali Che Muhidini, anansi awo, atate a mtsikana wotchedwa Shemsa. Yuniya ndi atate ake anathamanga.

Pagombe lonselo panatsala bwato limodzi lokha. Linali la Che Muhidini. Mabwato ena anapita ndi eni ake. A Zakariya analibe bwato. Ankapalasa limodzi ndi Che Muhidini. Nsomba ankagawana. Bwato limodzi linkadyetsa nyumba ziwiri.

Ndipo m'bwatomo munali Phulusa.

Ataona anthu, Phulusa anadumpha. Anathawira m'bango.

"Galu wa ndani ameneyu?" anafunsa Che Muhidini.

"Ndi wanga, Atate a Shemsa," anatero Yuniya. Mawu ake anali aang'ono.

"Wanyambita chikho changa. Wanyambita nkhafi. Kaya wanyambita patipati, ndani akudziwa?"

Che Muhidini anali Msilamu. Kwa iwo malovu a galu ndi odetsa. Chimene galu wanyambita amachitsuka kasanu ndi kawiri. Kamodzi amatsuka ndi dothi. Yuniya ankadziwa zimenezi. Phulusa sankadziwa.

"Wabweretsa galu ndiwe," anatero atate. "Utsuka ndiwe."

Shemsa anabwera ndi ndowa. Anali mwana wa Che Muhidini, mnzake wa Yuniya wa pamtima.

"Agalu onse aja," anatero Shemsa, "iwe wasankha wakuba mabwato?"

"Usandiseke."

"Sindikuseka. Tunga madzi."

Anatsuka. Anakhula ndi dothi. Anatsukanso. Anatsuka chikho. Anatsuka nkhafi. Manja anawawa. Misana inawawa.

Atamaliza, dzuwa linali litakwera. Mphepo ya mwera inali itayamba. Mafunde anakula. Bwato silinapite.

Ukonde umene anatchera dzulo lake unakhala m'madzi tsiku lonse. Nsomba zinavundira momwemo. Tsiku limenelo nyumba ziwiri zinadya chigwada chokha.

* * *

Yuniya anamupeza Phulusa m'bango. Anamunyamula mpaka kunyumba. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu.

"Lero timutsekera m'khitchini," anatero atate.

Anatseka chitseko. Anachitchinga ndi mtondo.

M'mawa mtondo unalipo. Chitseko chinalipo. Galu munalibe. Pansi pa khoma panali dzenje.

Phulusa anali m'bwato muja.

Yuniya anatsukanso. Shemsa anathandizanso. Koma lero Shemsa sanaseke.

Che Muhidini sanakalipe. Anakwera kunyumba kwa a Zakariya. Anaodira. Anakhala pampando. Anafunsa za moyo wa onse. Kenako anayamba.

"A Zakariya, ine galu sindidana naye. Nayenso ndi cholengedwa. Akamva ludzu ndimupatsa madzi. Koma ana anga amadya nsomba. Anu amadyanso nsomba."

"Mwanena zoona, achimwene," anatero atate. Anayang'ana pansi.

Mlendo atapita, atate anamuitana Yuniya.

"Wamva?"

"Ndamva, Atate."

"Akangolowanso kamodzi, Dumingu ndimubweza kukhola."

"Koma Atate, asipayo aja…"

"Ndanena."

Atate anapeza waya. Waya satafunika. Anamumanga Phulusa kumtengo wa mango.

Phulusa sanathawenso. Koma sanadye. Ankangomwa madzi. Ankagona mphuno italoza kunyanja. Ankalira pang'onopang'ono, ngati mwana wotopa ndi kulira.

Kunacha, kunada. Kunacha, kunada. Nthiti zija zinkangoonekera.

* * *

Loweruka masana amayi ankasenda chinangwa. Yuniya anakhala pafupi. Misozi inali mbwe.

"Amayi, bwanji Phulusa sandikonda? Ndamusambitsa. Ndamuyalira. Ndamuikira chakudya."

"Pukuta misozi. Misozi si ndiwo. Zonsezo ukufuna ndiwe. Iye akufuna chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye tseka pakamwa, utsekule maso. Ndipatsire mpeni uwo."

Yuniya anapereka mpeni. Anaganiza. Kenako anamanga usipa pang'ono pansonga ya nsalu. Anamumasula Phulusa kuwaya. Anamumanga chingwe.

"Tsogola," ananong'ona. "Ine ndikutsata. Koma tikaime patali."

Phulusa anadzuka. Anakoka. Anatsika kanjira ka kunyanja. Yuniya anagwiritsa chingwe ndi manja onse awiri.

Bwato linali pamchenga. Asodzi anali atabwerako. Panalibe munthu.

"Basi, tiime pano," anatero Yuniya.

Koma khosi la Phulusa linali litawonda. Anaweramitsa mutu. Anabwerera m'mbuyo. Chingwe chinavuka, pululu!

"Phulusa, ayi!"

Phulusa anali kale m'bwato.

Yuniya anafuna kukuwa. Anafuna kumukoka. Koma anatseka pakamwa. Anatsekula maso.

Phulusa anapita kumutu kwa bwato. Ananunkhiza. Anazungulira. Anazunguliranso. Anagona, napuma mpweya wautali. Kunjenjemera kunatha.

Yuniya anayandikira pang'onopang'ono. Anagwada pamchenga. Anamasula usipa. Anatambasula dzanja. Anadikira.

Phulusa ananunkhiza. Anatenga kamodzi. Anatenga kena. Anadya wonse!

Kenako mchira unagunda bwato. Gu. Gu. Gu.

"Yuniya!"

Anali atate. Ankabwera ndi Che Muhidini. Ananyamula ukonde umene ankasoka. Shemsa anali pambuyo.

"Ndinanena chiyani?" anatero atate. "Mawa ndi Dumingu. Nkhani yatha."

Che Muhidini anatola bango kuti amuingitse galu. Yuniya anaima patsogolo pawo.

"Atate a Shemsa, pepani. Ndalakwa ndine. Bwato nditsuka ndekha. Koma taonani kaye. Muno amadya. Muno amagona. Kwathu ayi."

Phulusa anamva mawu. Sanathawe, chifukwa Yuniya anali pafupi. Anakhala tsonga kumutu kwa bwato. Miyendo yakutsogolo anaiika m'mphepete. Anayang'ana kunyanja. Khutu lopindika lija linkagwedera ndi mphepo.

Che Muhidini anamuyang'ana nthawi yaitali. Bango lija analitaya.

"Kakhalidwe aka ndikukadziwa," anatero. "Uyu ndi galu wa a Timoteo!"

"A Timoteo ati, Baba?" anafunsa Shemsa.

"Nkhalamba ya kumpoto uko, kuseri kwa miyala. Ankasodza okha. Analibe mkazi. Analibe mwana. Anali ndi kagalu basi. Anakatola kali ngati chibakera. Kanakulira m'bwato. Kankadyera m'bwato. Kankagona m'bwato. Tikakumana panyanja, kankakhala chonchi, kumutu. Wawonda, n'chifukwa chake sindinamuzindikire."

"Nanga a Timoteo ali kuti?" anafunsa Yuniya.

"Anadwala, mwanangu. Abale anawatenga kupita ku Likoma. Bwato anapita nalo. Galu anatsala pamchenga."

Yuniya anamuyang'ana Phulusa.

"Ndiye nyumba saidziwa," anatero Yuniya. "Sakuthawa ife. Akufuna pogona pake. Atate, timupezere bwato."

"Bwato?" anatero atate. "Ine mwini wake ndilibe. Galu akhale nalo?"

Che Muhidini anaseka mpaka kugwira bondo.

"A Zakariya, m'bango umo muli bwato la malemu atate anga. Linabooka kalekale. Akupalasa ndi achule. Litengeni."

Atate anakanda mutu.

"Tiyese lero lokha," anatero Che Muhidini. "Mawa ndikapeza bwato langa lili bwino, galu akhale."

"Mukamupezamo, abwerera kukhola," anatero atate. "Wamva, Yuniya?"

"Ndamva, Atate."

* * *

Choyamba, kutsuka. Yuniya ndi Shemsa anatsuka bwato la nsomba mpaka mbee.

Kenako onse analowa m'bango. Bwato lakale linali m'matope. Linali lakuda bii. Kumbuyo linali lobooka. Achule anadumpha uku ndi uku.

Abambo awiri anasenza kumutu. Anyamata a m'mudzi anasenza kumbuyo. Yuniya anakoka Phulusa. Shemsa anatsogola, akukuwa.

"Patukani! Bwato likudutsa!"

Anthu anatuluka m'nyumba.

"A Zakariya, nyanja yasamukira kumtunda kodi?" anafunsa mayi wina.

"Mukawedza m'munda wa chinangwa?" anafunsa wina.

Atate anangopitirira. Thukuta linali kamukamu.

Amayi anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Bwato pabwalo panga? Ndiona zambiri chaka chino. Osati pakhomo! Ikani uko, pansi pa mango."

Analitula, dii!

"Lowa, Phulusa," anatero Yuniya.

Phulusa ananunkhiza. Anayetsemula. Anatembenuka. Anakokera kunyanja.

Yuniya anagwiritsa chingwe.

"Likununkha achule," anatero Shemsa. "Bwato limanunkha nsomba. Dikira."

Anathamangira kwawo. Anabwera ndi ukonde wakale wong'ambika. Yuniya anauyala kumutu kwa bwato.

Phulusa ananunkhizanso. Anaika mwendo umodzi. Anauchotsa.

"Mwaliika molakwika," anatero Che Muhidini. "Lapenya kumunda. Bwato lanji lopenya kumunda? Litembenuzeni."

Analitembenuza. Mutu unaloza kunyanja.

Ana anali atadzaza bwalo. Ankakankhana. Ankakuwa.

"Lowa, Phulusa! Lowa! Lowa!"

Phulusa anapanira mchira. Anayamba kunjenjemera.

Yuniya anaimirira.

"Anzanga, pitani. Mudzabwera tsiku lina. Galu wanga akufuna bata."

Ana anang'ung'udza, koma anapita. Akulu anakakhala pakhonde. Shemsa anakhala nawo.

Pabwalo panali zii.

Yuniya anamasula chingwe.

"Iwe, athawa!" anatero atate.

"Musiyeni mwana, atate ake a Yuniya," anatero amayi.

Yuniya analowa m'bwato. Anakhala kumbuyo, pamene amakhala msodzi. Anatola nkhafi yothyoka. Sanamuitane Phulusa. Sanamuyang'ane. Anangoyamba kupalasa. Anapalasa mphepo. Anapalasa fumbi.

Phulusa anayang'ana kanjira ka kunyanja. Anayenda pang'ono. Anaima.

Yuniya anapalasabe. Nkhafi inkagunda bwato. Kho. Kho. Kho.

Phulusa anatembenuza mutu. Khutu lake labwino linaima.

Kho. Kho. Kho.

Phulusa anabwerera. Anazungulira bwato. Anadumphiramo!

Anaponda ukonde. Anazungulira. Anakhala tsonga kumutu.

Yuniya anafuna kukuwa. Anafuna kuvina. Koma anangopalasa.

Amayi anabwera ndi phale. Analiika m'bwato mwakachetechete. Phulusa anadya. Ananyambita phale mpaka mbee.

Nthawi yogona itakwana, atate anatenga waya.

"Ayi, Atate," anatero Yuniya. "Tikamumanga, sitidziwa ngati wakhala yekha."

"Akapita kugombe, wapita kukhola."

"Ndikudziwa."

Atate anamuyang'ana. Waya anaupachika pamtengo.

* * *

Tambala analira. Kunja kunayera. Yuniya anadzuka. Anaopa kutsekula chitseko.

Anatsekula pang'ono. Anasuzumira.

Bwato linalipo. Ukonde unalipo. Galu sankaoneka.

Yuniya anayenda monyang'ama.

Ukonde unagwedera. Munatuluka khutu lopindika. Munatuluka mphuno. Phulusa anayasamula. Anadziwongola. Anatsika m'bwato. Anabwera yekha, nanyambita dzanja la Yuniya.

Kugombe kunamveka mawu a Che Muhidini.

"A Zakariya!"

Atate anatuluka msanga. Amayi anatuluka.

"A Zakariya! Bwato lili bwino! Mlendo wathu sanabwere! Kapemphereni, ine ndapita!"

Yuniya anayang'ana atate ake.

"Atate?"

"Galu akhala," anatero atate.

Anapita pabwato lakale lija. Analigogoda ndi chala. Kenako analowamo, nakhala pakati, ndi malaya awo a ku tchalitchi. Phulusa anadumphira kumutu.

"Palasa, Yuniya. Tingachedwe mapemphero."

"Tulukani umo, mudetsa malaya!" anatero amayi. Koma ankaseka.

Belu la a Basilio linalira. Onse ananyamuka. Phulusa anawatsata. Anawaperekeza mpaka kumapeto a munda.

"Ku tchalitchi sikulowa galu," anatero amayi. "Muuze abwerere."

"Bwerera, Phulusa," anatero Yuniya.

Phulusa anabwerera. Anafika pamphambano. Njira ina inkatsikira kunyanja. Ina inkapita kunyumba.

Phulusa anaima. Ananunkhiza mphepo ya kunyanja. Yuniya anagwira dzanja la atate. Anagwiranso la amayi. Anafinya.

Phulusa anagwedeza mchira. Anakhotera kunyumba.

"Waona?" anatero amayi. "Tiye tsopano. Ukutithyola zala."